Makutu a Che Amidu

Ana anga, mwandiseka mokwanira chifukwa chosagula chinthu ndisanachigogode. Khasu ndimaligogoda, poto ndimamugogoda, ndipo tsiku lina ndinagogoda mbale yadothi pamsika wa Balaka mpaka mayi wogulitsa anandifunsa ngati ndikudikira kuti indiyankhe. Amayi anu anasiya kalekale kupita nane kokagula zinthu. Chizolowezi chimenechi ndinachitenga ku njanji, kumene makutu ndiwo ankandidyetsa. M'chigawo chino ndilemba za ntchitoyo, komanso za munthu mmodzi amene ndinagwira naye. Iye anatisiya kale, ndipo dzina limene ndamupatsa muno si lake lenileni. Musavutike kufufuza.

1968

Ndinachoka kwathu kwa Nsamala ndi satifiketi ya Sitandade 8 m'thumba, ndili ndi maloto okakhala pawindo n'kumagulitsa matikiti nditavala malaya oyera. Kalaliki wolemba anthu ntchito anandiyang'ana mikono, satifiketi sanaitsegule n'komwe, n'kunditumiza kwa mkulu wina wa ku Chigwa cha Shire, a Zuze. Iwo anandipatsa hamala ya mpini wautali wofika m'chiuno, nandiuza kuti maso ndiziwasiya kunyumba chifukwa kuno alibe ntchito. Ndinkayesa akuseleula, koma ayi.

Ntchito yake inali iyi. Sitima ikaima, umayenda m'mbali mwake kuchokera ku injini mpaka kumchira, n'kumamenya wilo lililonse kamodzi. Wilo lamoyo limalira ngeee, ndipo kulirako kumapitirira ngati belu la kutchalitchi. Wilo la mng'alu limangoti khwa, n'kukhala chete. Mng'aluwo suoneka, umabisala pansi pa girisi ndi fumbi, koma sitima ikathamanga nawo umakula mpaka chitsulo kuphwanyika. Ukamva khwa, umalemba mtanda ndi choko pa bogi ya wilolo, ndipo bogiyo amaichotsa ngakhale dalaivala atukwane chotani. Miyezi yoyamba mawilo onse ankalira mofanana m'makutu mwanga. A Zuze ankandiyendetsa kumbuyo kwawo osandiuza kanthu, kenaka mwadzidzidzi n'kutembenuka kundifunsa kuti lija lati chiyani. Ndikalephera, ankandikoka khutu pang'ono n'kunena kuti akulitsegula. Chaka chisanathe ndinayamba kumva, ndipo ndinaikonda ntchito imene poyamba ndinkaiona yonyozeka. Anthu ankakwera sitima osadziwa kuti kamnyamata ka ovolosi yakuda kaja ndi kamene kavomereza ulendo wawo.

1971

Njanji yatsopano yowoloka Shire pa Liwonde itatsegulidwa, ananditumiza pa siteshoni ina ya kutchire cha ku Utale, kumene masitima ankasinthana mabogi. Kunalibe sitolo, kunalibe msika. Kunali nyumba zathu za malata, mjigo umodzi ndi udzudzu wokwanira boma lonse. Amayi anu, amene ndinali nditangowakwatira kumene, atatsika sitima anandifunsa ngati pali munthu amene ndinamulakwira ku likulu.

Kumeneko ndi kumene ndinakumana ndi Che Amidu. Anali Myao wa ku Machinga, mkamwini m'mudzi woyandikana ndi siteshoni, munthu wamfupi wa kofiya yoyera imene sinkada ngakhale tinkagwira ntchito m'girisi. Anandiposa zaka zingapo, ndipo makutu ake ankadzitama nawo monga ena amadzitamira ndi ng'ombe. Injini ikalira kutali ankanena dzina la dalaivala wake, ndipo akalondola ankatiyang'ana mmodzimmodzi kudikira kuti timuyamikire. Ine ankandinyoza kuti makutu anga ndi a Chikatolika, amadziwa belu lokha. Ndinkamubwezera kuti ake anakula chifukwa chomvetsera miseche ya apongozi. Kunja kwa ntchito anali woimba ng'oma. Ukwati, gule wa likwata, ana akamatuluka ku simba la chinamwali, mudzi sunkayamba gule Che Amidu asanafike, ndipo ankati ng'oma ndi wilo ndi pachibale, zonse zimafuna munthu wodziwa kumvetsera.

Iyeyu ndi amene anandipatsa dzina la chinthu chimene chinandiopsa chaka chimenecho. Panali nthawi imene mnzathu wina anadwala, ine n'kugwirizira mashifiti ake ndi anga osagona mokwanira. M'mawa wina ndinamenya wilo, n'kupitirira. Ndinamenya ena, n'kupitiriranso. Nditafika patsogolo ndithu, m'mutu mwanga munangomveka kuti khwa, ngati hamala yamenya nthawi yomweyo. Ndinaima, ndinabwerera, ndipo wilo lija linalidi long'aluka. Maso anali otsegula, sindinasinze, khutu linalandira phokoso bwinobwino, koma uthenga unatenga nthawi kuti ufike kwa mwini wake. Ndinamuuza Che Amidu mwamanyazi, ndikuganiza kuti mutu wayamba kusokonekera. Sanaseke. Anati chimenecho amachitcha kuti khutu latsalira, ndipo aliyense wa hamala amakumana nacho akamana tulo thupi lake. Anati kumva mochedwa ndi mwayi, chifukwa nthawi zina khutu limatsalira osabweranso.

Ndiye tinali ndi lamulo lathu losalembedwa paliponse. Munthu akabwera asanagone, kaya mwana anadwala, kaya kunali maliro, ankangonena kwa anzake kuti lero khutu latsalira. Palibe ankamufunsa zambiri. Tsiku limenelo ankayenda awiri mbali imodzi ya sitima, wosagonayo akumenya, wogona bwino akumvetsera kumbuyo kwake. Tinali anayi, ndiye zinkatheka. Mabwana a ku likulu sankadziwa za lamulo limeneli, ndipo akanadziwa akanati ndi ulesi.

Iwe Agnesi, ukukumbukira tsiku lija unabwera kutchuthi kuchokera ku sukulu ya unamwino, n'kumatifotokozera pakhonde zimene unaphunzira? Unati masiku ano amamata timawaya pamutu pa munthu, n'kumamuimbira timaphokoso tofanana m'makutu, kenaka kamodzi kosiyana. Unati ubongo umayankha ndi timagetsi take, ndipo kaphokoso kosiyanako kakamveka makina amaonetsa ubongowo ngati wadzidzimuka. Koma mwa munthu amene sanagone, unati, kudzidzimukako kumachedwa komanso kumachepa, ngakhale makutu ake ali abwinobwino. Achimwene ako anaseka kuti azungu akusowa chochita. Ine ndinanyamuka n'kupita kuseri kwa nyumba, iwe n'kumaganiza kuti nkhani yako yanditopetsa. Sinanditopetse mwana wanga. Ndinkangoganiza kuti makina amenewo akanakhalapo mu 1979, kodi akanatithandiza, kapena akanatimangitsa tonse.

1979

Pofika chaka chimenechi ndinali kapitawo wa gulu lathu, koma gululo linali litatsala dzina. Mmodzi anapuma, wina anamusamutsa, ndipo malo awo sanabwerepo munthu. Tinatsala awiri, ine ndi Che Amidu. Kutsidya kwa malire kunali kosakhazikika, masitima a feteleza ndi mafuta ankabwera nthawi imene afuna, ena masana, ena tambala asanalire, ndipo aliyense ankafuna hamala. Dizilo ankasowa, parafini wa nyali zathu ankasowa, tulo tinkachita kutola pabenchi pang'onopang'ono ngati nkhuku ikutola misere. Lamulo lathu loyenda awiri linafa lokha. Sitima ili ndi mbali ziwiri, ife tinali awiri.

Pamwamba pa zimenezi kunabwera uthenga woti mtsogoleri wa dziko achititsa msonkhano waukulu mumzinda, ndipo amayi a dera lililonse akavine. Inu amene munakula mochedwa simungamvetse kulemera kwa uthenga wotere. Wapampando wa chipani m'dera lathu, amene tonse tinkangoti a Tcheya, ankafuna kuti amayi a m'dera lake akapose a madera ena, ndipo woimba ng'oma wabwino anali mmodzi yekha. Amayi ankamaliza ntchito zapakhomo kaye, ndiye zokonzekera zinkayamba kutada n'kumatha kutatsala pang'ono kucha. Madzulo aliwonse achinyamata a malaya ofiira ankabwera pasiteshoni kudzamutenga Che Amidu. Kukana kunalibe. Ankachoka pang'oma n'kudzagwira hamala, zikhatho zitatupa, maso ofiira ngati wasuta. Zinapitirira chomwecho kuposa sabata.

Ndinapita kwa mkulu wa siteshoni, a Gondwe, munthu wabwino koma wamantha, monga tinalili tonse. Ndinawafotokozera kuti mnzanga sakugona ndipo tsiku lina tidzalira. Anadzuka, anatseka chitseko, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndikufuna kuti iwo alembe ku likulu kuti ng'oma za chipani zikusokoneza ntchito ya njanji. Anati ali ndi ana kusukulu. Ndinangotuluka, chifukwa nanenso ndinali ndi inu.

Tsiku la ulendo, malole amene ankayenera kunyamula amayi analibe dizilo, ndiye anawapatsa bogi yawoyawo pa sitima ya m'mawa. A Tcheya ankafuna kuti Che Amidu akwere nawo akaimbe ng'oma kumsonkhanoko. Ndinawapempha mwaulemu kuti amusiye, chifukwa masana kunkabwera sitima ina ndipo ndekha sindikanatha. Anavomera monyinyirika, mlamu wake wa Che Amidu n'kupita m'malo mwake. Ine ndinamenya mawilo a mbali ya kum'mawa, iye a kumadzulo. Tinakumana kumchira, tinagwedezerana mitu, sitima inanyamuka amayi akuimba, nsalu zawo zofanana zikuuluka m'mawindo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa shedi ya katundu, ine ndikuthira tiyi. Utsi wa sitima unali utazimirira kale. Che Amidu ananyamula kapu, anaifikitsa pakamwa, kenaka anaibweza pansi osamwa.

"Achimwene," anatero, "bogi ya amayi ija. Wilo lakumbuyo lati khwa."

Ndinamufunsa kuti wamva liti.

"Pompano," anayankha. "Ndalimva pompano."

Tinathamangira kwa a Gondwe, iwo n'kupukusa foni ya pakhoma kuimbira siteshoni yotsatira kuti aimitse sitimayo ikafika. Koma masiku amenewo sitima ikakhala pakati pa masiteshoni awiri inali m'manja mwa Mulungu, panalibe njira yolankhulira ndi dalaivala. Sinafike. Wilo linaphwanyika pachitunda pamene sitima inkayenda pang'onopang'ono, bogi inatuluka m'njanji n'kupendekeka. Mwa chisomo palibe anafa. Mayi mmodzi anathyoka mkono, ena ananyuka mawondo ndi zigongono. Koma amayi a dera lathu sanakavine, ndipo m'masiku amenewo umenewo ndiwo unali mlandu waukulu kuposa mkono.

Patapita masiku ochepa kunabwera galimoto yoyera yopanda chizindikiro, muli amuna awiri ovala masuti. Sanadzitchule kuti ndi ndani, ndipo sitinafunse. Anakhala mu ofesi ya a Gondwe, eni ofesi ataimirira. M'mawa wonse ankafunsa anthu a m'mudzi ndi a pasiteshoni, ndipo mafunso awo tinkawamva kwa otuluka. N'chifukwa chiyani woimba ng'oma sanakwere sitima imene amayi ovina aja anakwera? Ankadziwa chiyani? Kodi si zoona kuti ali ndi abale kutsidya kwa malire? Abale kutsidya anali nawo, monga pafupifupi Myao aliyense wa ku Machinga. Nkhani anali ataipeza kale asanafike: munthu amene anafuna kupha amayi ovinira mtsogoleri. Munthu wotengedwa pa galimoto yotere ndi mlandu wotere, abale ake sankafunsa n'komwe kumene wapita.

Masana amuna aja anapita kukadya kwa a Tcheya, atanena kuti akabwera ayamba ndi kapitawo. Ndinakhala pa njanji yakale ndikusinkhasinkha, ndipo ndinaona kuti mayankho ndili nawo atatu okha. Ndikanena zoona, kuti munthuyu sanagone chifukwa cha ng'oma, ndiye kuti ndanena kuti chipani ndicho chagwetsa bogi, ndipo galimoto ija inali ndi malo a anthu awiri kumbuyo. Ndikanena kuti analekerera ntchito, iwo kulekererako anali atakupatsa kale dzina lina. Yankho lachitatu linali matenda. Munthu wogontha samangidwa chifukwa chosamva. Amangochotsedwa ntchito, ndipo kapitawo amene anamusunga amalangidwa ndi a njanji, osati ndi amuna a masuti.

Ndinamupeza kuseri kwa shedi akumaliza swala, pemphero la Asilamu la masana, pa thumba la feteleza limene ankayala pansi. Ndinadikira mpaka anamaliza, kenaka ndinanjuta pafupi naye.

"Che Amidu, ndikufuna ndikawauze kuti makutu anu anafa."

Anandiyang'ana ngati ndatukwana amayi ake. "Anga? Makutu angawa?"

"Ndilibe china chowapatsa."

"Iyayi, kawauzeni zoona. Sindinagone, basi."

"Akafunsa kuti simunagone chifukwa chiyani?"

Anasisita zikhatho zake zotupa zija. Kenaka anafunsa za ng'oma. Ndinamuuza kuti munthu amene wagontha pa njanji sangakamve kumudzi, chifukwa a Tcheya ali ndi maso m'nyumba iliyonse.

"Mpaka liti?" anafunsa.

Ife a nthawi imeneyo tinkaona ngati boma lija ndi phiri, linalipo ndipo lidzakhalapo. Sanandiuze kuti wavomera. Anapinda thumba lake, analiika m'khwapa, n'kuyamba kuyenda kulowera ku mjigo. Ndinaganiza kuti wakwiya, ndipo ndinamuitana dzina kawiri, kachiwiri mokweza. Sanatembenuke. Apo ndinadziwa kuti wayankha.

Amuna aja ndinawauza kuti ndinaona kalekale kuti makutu a mnzanga akutha ndi phokoso la zitsulo ndi ng'oma, koma ndinamubisa chifukwa cha chisoni ndi kuchepa kwa anthu. Ndinawauzanso kuti amene anamuletsa kukwera sitima ndi ine, ndipo a Tcheya akhoza kuchitira umboni. Sanandikhulupirire msanga. Anamuitanitsa, anamukhazika pabenchi panja, mmodzi akumufunsa mafunso kutsogolo, iye akungoyang'ana pakamwa pa wofunsayo. Winayo anazembera kumbuyo, natola hamala yanga, n'kumenya ndi mphamvu chidutswa cha njanji chimene tinapachika pamtengo ngati belu la siteshoni. Ine amene ndinkaona zonse ndinalumpha. Che Amidu anadzidzimuka ndithu, ndinaona mapewa ake akugwedezeka, koma mochedwa, amuna aja atayang'anana kale. Kuyambira tsiku la ngozi anali asanagonebe, tsopano chifukwa cha mantha. Tulo tomwe tinamugwetsa m'dzenje ndi timene tinamutulutsamo.

Anatituma kuchipatala chaching'ono kuti akamupime. Dokotala wake, mkulu wa imvi, anamuunika m'makutu, anamunong'oneza mawu kumbuyo, kenaka anandiitanira panja. Anati makutu amenewa ndi oyera ngati a mwana, ndipo anafunsa kuti munthuyu anagona liti komaliza. Anayang'ana galimoto yoyera imene inaima pamsewu, napuma mozama. Anati khutu ndi khomo chabe, womva ali mkati, ndipo womvayo akatopa, mlendo amagogoda n'kubwerera. Analowa, analemba zimene zinkafunika, ndipo sindinamuonenso.

Che Amidu anamupumitsa ntchito chifukwa cha matenda, zaka zake zisanakwane. Ine anandichotsa ukapitawo n'kunditumiza ku siteshoni ya kumalire, kumene inu akuluakulu mukukumbukira kuti tinkamwa madzi a m'dambo. Chaka chomwecho anatumiza anthu awiri atsopano pa siteshoni ija, amene tinawapempha kwa zaka osapatsidwa.

1980 mpaka 1993

Sindikulemba izi ngati wolapa. Mutandibwezera pa njanji yakale ija masana aja, ndinganenenso zomwezo, chifukwa mnzanga anagona m'nyumba mwake, ana ake anakula akumuona. Koma kulondola sikupeputsa katundu. Ndinamulanda munthu chinthu chimene ankachikonda kuposa china chilichonse pa thupi lake, ndipo ndinamulanda kuti ndimupulumutse. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo zakhala nane limodzi zaka zonsezi.

Amene ankadziwa anali mkazi wake yekha, Abiti Sumani. Ana anali aang'ono, ndipo mwana sasunga nkhani, ndiye anakula akudziwa kuti bambo awo ndi ogontha. Ng'oma zake anapatsa mlamu wake. Gule akayamba m'mudzi, iye ankapita kudimba. Anaphunzira kusatembenuka akaitanidwa, kusaseka nthabwala isanabwerezedwe mokuwa, kupita ku mzikiti poona anzake anyamuka osati pomva kuitana. Ndinkamuyendera mwa apo ndi apo, osati kawirikawiri, poopa kuti anthu angafunse chimene chikutigwirizanitsa. Pakhomo ndinkamukuwira m'khutu ngati wina aliyense. Tikafika kudimba, pakati pa nzimbe, ndi pamene tinkacheza ngati anthu, ndipo sankalephera kundiuza kuti injini imene yadutsa m'mawa ili ndi vuto pakutipakuti, a njanji akugona.

1994

Zinthu zitasintha, anthu atayamba kulankhula pamsika zimene kale ankanong'ona m'bulangeti, munthu woyamba amene ndinamuganizira anali iyeyo. Ndinakwera njinga kuchokera kwa Nsamala ndi mtima wopepuka ngati mwana wopita kukalandira mphatso. Ndinkaona ngati ndikukabweza chimene ndinatenga.

Abiti Sumani anali atamwalira chaka chapitacho. Che Amidu ankakhala ndi mwana wake wamkazi ndi mkamwini. Ndinamupeza pakhonde, wakalamba, kofiya ikadali yoyera. Mkamwini anatiyalira mphasa mwaulemu wonse, anawagwira apongozi ake mkono kuwathandiza kukhala, ndipo akumwetulira chomwecho anandiuza ndi mawu a masiku onse kuti mdalayu ntchito yake ndi kutha ufa basi, akanatsagana ndi akazi ake zikanapepuka. Mwana wamkazi anamudzudzula pang'ono, koma naye akuseka. Nkhope ya Che Amidu sinasinthe. Anangowathokoza chifukwa cha mphasa.

Kudimba sindinadikire n'komwe kuti tikhale pansi. Ndinamuuza kuti zatha, a Tcheya akugulitsa tomato pa Liwonde, palibenso galimoto yoyera. Ndinati ndikhoza kubwerera naye kunyumba nthawi yomweyo, ndisonkhanitse ana ake ndi a mfumu, ndifotokoze ndekha kuti bodza linali langa ndipo makutu ake sanafepo. Ndinati mwina manja akadakumbukira ng'oma.

Anandisiya ndimalize. Kenaka anayamba kundiuza, mosafulumira, zimene anthu amalankhula pafupi ndi munthu wogontha. Anati akudziwa amene ananenera mphunzitsi wina wa m'mudzimo amene anatengedwa usiku, chifukwa munthuyo anakambirana nkhaniyo pakhonde pake iye akuluka mkeka, ndipo lero munthuyo ndi mkazi wa mphunzitsiyo amatunga madzi pa mjigo umodzi. Anati akudziwa mwana wa ndani si wa bambo amene akumulera. Anati mwana wake wamwamuna, ali kusekondale, anauza anzake pamaso pake kuti uyu ndi wantchito wa kumunda, si bambo ake. Mwana yemweyo lero amamutumizira sopo ndi shuga mwezi uliwonse. Anatinso mwana wake wamkazi, masiku amene banja linkamuwawa, ankabwera kudzakhala pambali pake n'kumalira, akunena zonse za mumtima zimene sakanauza munthu wakumva, ndipo akamaliza ankapukuta misozi n'kumukuwira kuti chakudya chapsa.

"Achimwene," anatero, "ndikamva lero, ndiye kuti ndinamva zonse. Mwanayu adzandiyang'ana bwanji? Mudziwu udzagona bwanji?"

Ndinamufunsa ngati sizikumuwawa, zonga zimene ananena mkamwini zija.

"Zimawawa," anayankha. "Koma zikuwawa ine ndekha. Zisiyeni pomwepo."

Anandithyolera nzimbe ziwiri, anazimanga ndi luzi kuti ndikapatse amayi anu, ndipo tinabwerera kunyumba. Mwana wake anali pakhomo akupeta mpunga, mkamwini akukonza tcheni cha njinga yanga chimene chinkagwa m'njira. Ndinamangirira nzimbe pa kaliyala, ndinatsanzika eni nyumba, kenaka ndinawerama pafupi ndi khutu labwino kuposa onse amene ndinawadziwa pa njanji, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse kuti ndapita, atsale bwino.